Zenera Limene Ndinakhoma ku Al Nahda

Ntchito ya magalasi ndinaiphunzira ku Mchesi, pa shedi ya malume anga. Tinkadula magalasi n'kumawamata m'mafelemu achitsulo, ndipo ndinkadziyesa mmisiri wotheratu. Malo a ntchito atapezeka ku Dubai, mkazi wanga anandiperekeza mpaka pa depoti, mwana ali kumbuyo. Sanalire. Anangondikonza kolala ya malaya n'kunena kuti, "Mukafike bwino, bambo a Tadala."

Tsiku loyamba pa ntchito, kapitawo wathu, mkulu wina wosakonda kunena chinthu kawiri, anandiimika pa zenera la mtundu umene ndinali ndisanauonepo. Linali la magalasi awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo, pakati pali kampata koti chala n'kulowa, ndipo m'mphepete monse anamata ndi phula lakuda kuti mpweya wa m'katimo usatuluke. Mpweya umenewo ndi umene umatchinga kutentha kwa kunja. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndimawadziwa mazenera otere. Ndinati eya. Kumbuyo kwanga wina anaseka n'kunena m'chilankhulo chathu, "Wanama uyu."

Anali a Tembo, a ku Chipata, ku Zambia, bambo wamtali wa imvi m'ndevu, amene anali atakhala kumeneko zaka zambiri. Anauza kapitawo kuti andipereke m'manja mwawo. Kuyambira tsiku limenelo tinkayenda awiri, ndipo ku Satwa kumene tinkagona anandipezera bedi la pamwamba pa lawo. M'chipindamo tinalimo amuna asanu ndi atatu. Aliyense ankatchinga bedi lake ndi nsalu, ndipo nyumba yake inali yomweyo. Nsapato zinkagona panja chifukwa cha fungo. M'bandakucha tinkaima pa mzere wa ku bafa, wina wa ku Nepal, wina wa ku Uganda, wina wa ku Kerala, tonse maso ali psuu, kenako galimoto ya kampani inkaliza hutala pansi ndipo dalaivala ankakuwa potifulumizitsa, "Yalla! Yalla!"

A Tembo ndi amene anandiphunzitsa matenda a mazenera amenewa. Dzuwa la kumeneko silisiya kanthu. Phula la m'mphepete lija limauma n'kung'aluka, chinyontho chimalowa, ndipo pakati pa magalasi pamachita nkhungu. Eni nyumba amakalipira antchito awo kuti sakupukuta bwino, osadziwa kuti nkhunguyo ili koti nsanza siingafike.

"Pukuta m'kati, pukuta kunja," ankatero a Tembo. "Ikakhalapobe, ilo lafa. Usanamize munthu kuti ulichiritsa. Pima chabe, tiitanitse lina."

Anandionetsa kutsekera pepala pa zenera n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, ndiye kuti labala wa m'mphepete watha, mchenga ndi mpweya wotentha zikulowa. Anandionetsa kukweza zenera lolendewera poika timapulasitiki pansi pa galasi, kusintha mahinjesi, kuchotsa mchenga m'tinjira ta mazenera okoka. Chimene ankabwereza tsiku lililonse chinali chimodzi: galasi likayamba kugwa, usaligwire, lisiye lipite.

M'nyumba zimene tinkalowa tinali ngati mipando. Anthu ankakangana, kudya, kuseka pa foni ife tili pomwepo titagwada ndi zitsulo zathu. Ena ankatipatsa madzi, ena ayi. Mwezi ukatha ndinkatumiza kumudzi zimene ndapeza, mkazi wanga n'kunditumizira chithunzi cha Tadala atavala nsapato zatsopano, ndipo ndinkati zonse zili m'malo.

Ndinali ndisanathe chaka pamene anatituma ku Al Nahda. Msewu wa kumeneko umadzaza magalimoto moti munthu umatopa usanagwire ntchito. Fulati imene anatitumako inali pamwamba kwambiri pa nyumba yosanjikizana. Madamu a pa nyumbayo anationetsa zenera lalikulu la pa balaza limene linachita nkhungu mpaka theka. Ndinatulutsa tepi, a Tembo n'kundiuza kuti, "Gwira bwino iwe, usanipimire zabodza."

Kumbuyo kwathu matambula anagundana pa thireyi. Nditacheuka ndinaona mayi wochepa thupi, wovala yunifolomu ya pinki yomukulira, atangoima ngati waona mzukwa. Anaika madziwo pa tebulo, n'kuyang'ana kumene kunali madamu. Kenako, maso ali pansi, ananong'ona kuti, "Ndinu akumudzi?"

Dzina lake anati ndi Enelesi, wa ku Linthipe. Anatiuza zimenezi akupukuta tebulo limene linali loyera kale. Chifikireni m'nyumbamo anali asanalankhulepo Chichewa ndi munthu.

Titamaliza kupima, madamu anatitengera ku kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Munali bedi, sutikesi pansi pake, ndi thabwa lositirapo zovala. Munthu utatambasula manja ukanakhudza makoma onse awiri. Mpweya wozizira wa m'nyumbamo sunkafikako. Kazenera kake kanali kakang'ono, chogwirira chake chitathyoka, ndipo kanamangidwa ndi kansalu kong'ambidwa ku chitenje kuti kazikhala kotsekuka pang'ono. Madamu anati zenera limenelo likulowetsa fumbi ndi kutentha, komanso mwana wawo akhoza kukwerapo. Anati tilikhome lisadzatsekukenso.

A Tembo anafotokoza mwaulemu kuti tikhoza kuika chogwirira chatsopano ndi kachitsulo koletsa zenera kutsekuka kupitirira zala zinayi, koti ngakhale mutu wa mphaka sungadutse. Madamu anapukusa mutu. "Khalas," anatero, kusonyeza kuti nkhani yatha. Anaimbira kapitawo, ndipo kapitawo anatiuza pa foni kuti tichite zimene mwini nyumba akufuna.

A Tembo anati aiwala kupima kuchindikala kwa galasi la pa balaza, n'kutuluka. Ndinatsala ine ndi makina obowolera m'manja, madamu ataima pakhomo. Enelesi anali pa sinki, atatifulatira. Analankhula ngati akuyimba kanyimbo kuti madamu asadziwe kuti akunena ndi ine.

"Achimwene, ndimapumira pomwepo."

Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti phokoso la makina linandisokoneza, chifukwa ndinali ndisanawayatse. Ndinaganiza za chitupa changa chokhalira m'dzikomo, chimene chinali m'dzina la kampani. Ndinaganiza za amuna awiri amene ndinawaona akunyamula zikwama kubwerera kwawo chifukwa mwini nyumba wina anadandaula. Ndinadula kansalu kaja, ndinakankha zenera, ndinabowola malo anayi n'kumanga misomali yopota. Ntchito ya mphindi zisanu. Pomaliza thukuta linali litanyowetsa kale malaya anga, chonsecho m'chipindamo ndinangokhalamo kanthawi kochepa.

Tinakwera galimoto kubwerera. Pofuna kubweza tepi m'chikwama cha zitsulo ndinapeza kachidutswa ka katoni ya tiyi. Panali nambala ya foni ya kumudzi ndi mawu olembedwa mothamanga: "Achimwene anga a Laitoni. Muwauze ndikufuna kubwerera. Foni anandilanda, panja sindituluka. Apite kwa amene ananditumiza kuno."

Ndinaimba Lamlungu masana, nditakhala pa masitepe a telala wina wa ku Satwa. A Laitoni anayankha mwansangala atamva kuti ndikuimba kuchokera ku Dubai. Nditawawerengera uthengawo, mawu awo anasintha.

"Akumumenya?"

"Sindikudziwa, bambo. Koma mmene ndamuonera ine, sali bwino."

"Akudya?"

"Ndi wowonda."

"Ndi wowonda chibadwire ameneyo." Chapatali ndinkamva mbuzi ikulira. "Tamverani, akulu. Ana ake awiri ndikusunga ndine. Nyumba tikumanga ndi ndalama zakeyi yafika pa mazenera. Abwere kuno adzatani? Ntchito yosawawa ili kuti? Inuyo kumeneko simukuvutika? Muuzeni apirire, asatichititse manyazi. Akamaliza zaka zake abwera."

Ndinawauza a Tembo zonsezi. Anamvetsera akusoka batani la ovolosi yawo. M'mawa mwake ndinawaona akulowa m'sitolo ya kampani, ndipo potuluka anaponya m'chikwama changa chogwirira chatsopano ndi kachitsulo koletsa kaja. Ndinaziona, ndinatseka zipi.

Galasi latsopano litafika tinabwerera ku Al Nahda. Linali lolemera moti tinalikweza m'chikepe titaliimika, aliyense atagwira mbali yake ndi zogwirira zomata. Tinachotsa timizere togwira galasi, kuyambira tatitali, tinatulutsa lakufalo, tinapukuta felemu, tinakhazika latsopano pa timapulasitiki take. Balaza lonse linawala. Madamu anakondwera, anati shukran potithokoza, n'kupita ku chipinda chawo kukayankha foni. A Tembo anatenga chikwama changa n'kulowera ku khitchini.

Enelesi anabwera ndi tsache kudzasesa pamene tinagwira ntchito. M'khosi mwake munali zotupa za thukuta, zina zitachita zilonda.

"Munawapeza?"

"Ndinawapeza."

"Anati bwanji?"

Ndinayang'ana galasi limene tinali titangoika. "Akuti akuyesetsa. Akuti mulimbe mtima, akuyendera nkhani yanu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Zikomo, achimwene," n'kupitiriza kusesa.

A Tembo atatuluka ku khitchini kuja ananong'oneza Enelesi kuti misomali aichotsa, zenera likutsekuka zala zinayi, ndipo masana azilitseka kuti lisaoneke. Anamuuzanso kuti kuli ofesi yodandaulirako antchito, ndi amayi a kwathu amene amakumana ku tchalitchi, oti angamuthandize atangotuluka. Enelesi anati chitseko mabwana ake amakhoma akamachoka, ndipo anamuuza kuti akadzathawa apolisi adzamugwira ngati wakuba. Anagwada pang'ono powathokoza, mmene amachitira kwathu, ndipo a Tembo anatembenuka msanga.

Panangopita masiku atatu. Kapitawo anatiitana tonse awiri pa bwalo la kampani, dzuwa lili pamutu, n'kufunsa kuti ndani anatsekula zenera limene mwini nyumba analamula kuti likhomedwe.

"Ni ine," anatero a Tembo. "Uyu sanazibe."

Ine ndinakhala chete. Zitsulozo ndinanyamula ndine, m'chikwama changa, koma ndinakhala chete. Kapitawo anati a Tembo akuoneka kuti atopa ndi ntchito ya m'nyumba zozizira, ndiye apite ku gulu la panja. Limenelo ndi gulu losintha magalasi a kunja kwa nyumba zitalizitali, ataima m'bokosi lachitsulo lolendewera pa zingwe. Ndi ntchito ya anyamata a magazi otentha, osati munthu wa imvi. Ine anandipatsa makina obowolera n'kunditumanso ku Al Nahda ndekha.

Ulendo umenewu madamu anafuna kuti ndimatenso ndi silikoni kuzungulira zenera lonse. Enelesi anali m'chipindamo akusita. Ndinaima pakhomo osadziwa poyambira. Iye anasuntha thabwa lake kuti ndidutse.

"Tsekani, achimwene," anatero, osadzutsa mutu. "Masiku atatuwa ndagona ngati munthu. Muwauze bambo aja."

Ndinachotsa chogwirira chimene a Tembo anaika. Mabowo anga akale anali pomwepo, sindinavutike n'kubowola ena. Silikoni ndinamata bwino kwambiri, mzere wowongoka, chifukwa dzanja linali litazolowera. Fungo lake lowawa linadzaza kachipindako, ndipo ndinamusiya mmenemo akusita.

A Tembo anakhala ku gulu la panja mpaka nyengo yotentha inafika, pamene chitsulo chimawotcha ngakhale utavala magolovesi. Ankabwera madzulo milomo itang'ambika, n'kugona osavula nsapato. Sanandinenepo mawu oipa. Ine ndinkawatengera madzi ndi kuwachapira ovolosi, ndipo ankangoti, "Zikomo, mwana."

Ngozi inachitika pa hotela ina ya ku Al Garhoud, pafupi ndi bwalo la ndege. Ine kunalibe. Amene analipo anandiuza kuti ankatulutsa galasi lalikulu long'aluka, ndipo chogwirira chomata chimodzi chinamasuka chifukwa cha fumbi. Pansi pa bokosi lawo panali anthu akudutsa. A Tembo, amene ankandiuza tsiku lililonse kuti galasi likamagwa ulisiye, analigwira. Linawacheka kuyambira pa chigongono mpaka pa chikhatho.

Madokotala anasoka, mkono unapola, koma zala zitatu sizinapindikenso. Munthu wosatha kugwira galasi alibe ntchito pa kampani ya magalasi. Tsiku lonyamuka kubwerera kwawo ndinawanyamulira chikwama mpaka pa msewu. Ndinayamba kunena kuti chikhala kuti ndinalankhula tsiku lija pa bwalo, mwina akanatigawira chilangocho. Anandidula.

"Ukanakamba, sembe tapita tonse babili. Uli na mwana mung'ono iwe. Nkhala chabe, usebenze." Anakwera takisi, dzanja lija atalikumbatira pa chifuwa ngati khanda.

Bedi lawo analowapo munthu wina tsiku lomwelo.

Ndinakhalako zaka zina zingapo. Ndinafika pokhala ine wophunzitsa atsopano. M'nyumba yosanjikizana ija ya ku Al Nahda ndinagwiramo ntchito kangapo, pa makomo ena. Tsiku lina ndinakwera mpaka pa khomo lija, ndinaima, ndinamva mwana akuseka m'kati ndi wailesi ya kanema ikulankhula. Ndinalibe chonena ngati akanatsekula. Ndinatsika. Kuyambira pamenepo, wantchito wa m'nyumba akandibweretsera madzi sindinkamuyang'ana kumaso, kuopa kuti angandiuze kanthu.

Nditabwerera kwathu ndinapeza mkazi wanga ali ndi kagolosale kake pa msika, akudziwa yekha mtengo wa simenti ndi dzina la mphunzitsi wamkulu. Pa zinthu za pakhomo ankandifunsa maganizo mwaulemu, atachita kale. Tadala anandipatsa moni atagwada patali ngati ndine mlendo wa ku mpingo, ndipo panatenga miyezi kuti andiuze nkhani popanda kufunsidwa. Malume anali atamwalira, shedi ija ili m'manja mwa ena. Ndinayambanso kudula magalasi wamba pa khonde la golosale.

Za Enelesi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga. Koma mvula itatha chaka chimenecho ndinaimbanso nambala ija. Anayankha a Laitoni omwewo. Anati mlongo wawo anabwera kalekale, ali pakhomo pomwepo, ndipo ngati ndikufuna kudzamuona ndibwere, alendo a ku Dubai sabwezedwa.

Ndinatsika minibasi pa Linthipe n'kukwera kabaza. Nyumbayo inali ya njerwa zowotcha, ya malata, yooneka bwino pa mudzi wonsewo. Munkakhala a Laitoni ndi banja lawo. Enelesi ankakhala ndi ana ake m'kanyumba ka kuseri. A Laitoni anandilandira pa khonde, bambo wonenepa bwino, wochezeka. Anatuma mwana kukamuitana.

Anabwera akupukuta manja pa chitenje. Anali atakalamba kuposa zaka zimene zinadutsa. Anandizindikira nthawi yomweyo. Anakhala pansi pa mkeka, tinapatsana moni wa masiku onse, za kunyumba, za ana, za ulendo. Kenako anafunsa za bambo a ku Zambia aja. Ndinamuuza zonse, za gulu la panja, za mkono, za zala zitatu. Anatseka maso kanthawi.

"Inu munatuluka liti m'nyumba muja?" ndinafunsa.

"Zaka zanga zitatha. Ndinamaliza zonse." Ananena mopanda kukweza mawu. "Kenako anandiwonjezera miyezi ina, akuti mpaka apeze wina."

A Laitoni anaseka pang'ono n'kunena kuti zonsezo zinapita, chachikulu ndi chakuti anabwera wamoyo ndipo ana akuphunzira. Enelesi sanawayang'ane. Anayang'ana ine.

"Achimwene, tsiku lija munandiuza kuti akuyesetsa. Lero ali pompano. Anati chiyani kwenikweni?"

A Laitoni anasuntha pa mpando n'kuyamba kunena kuti nkhani zakale sizithandiza, koma Enelesi anangodikira, maso ali pa ine. Ndinali nditamutsekera kawiri ndi kumunamiza kamodzi. Ndinanena zonse mmene zinalili: kuti ndi wowonda chibadwire, kuti nyumba yafika pa mazenera, kuti abwera kudzatani, kuti apirire asawachititse manyazi. Sindinachotsepo mawu ngakhale amodzi.

Mkazi wa a Laitoni, amene ankabwera ndi madzi osamba m'manja, anabwerera nawo m'nyumba. A Laitoni ankayang'ana zala za ku mapazi awo.

"Ine awa amandiuza kuti foni yanu sinawapeze," anatero Enelesi. "Zoona zake ndinkazidziwa. Ndimangofuna wina anene iwo akumva."

Anadzuka n'kunena kuti andiperekeze. Chakudya sindinadikire, ndipo palibe anandikakamiza. Tinayenda m'kanjira ka pakati pa minda yokololedwa, iye patsogolo ine pambuyo. Ndinali nditakonza mawu opepesa kuyambira ku Lilongwe, koma nditayamba anakweza dzanja.

"Munali pa ntchito, ndikudziwa. Nanenso ndinali pa ntchito." Tinafika pa msewu wafumbi pamene anyamata a kabaza amaima. Anaitana mmodzi ndi dzanja. "Mukadzawapeza bambo aja, mudzawauze kuti ndimawapempherera ndi dzina lawo. Inunso mwachita bwino kubwera. Koma musadzabwerenso, achimwene. Chikuonereni m'mawa uja, ndikungomva fungo la chipinda chija."

Ndinati ndamva. Ndinakwera njinga, ndipo pamene ndinkacheuka iye anali atalowa kale m'munda, akuyenda mofulumira, osayang'ana m'mbuyo.